Dzanja la pa Chithunzi

Ku Cubao mvula sigwa, imakhuthuka.
Madzi akafika m'mawondo, magalimoto n'kuima,
msika wathu sutsekedwa poti uli m'thumba,
pagalasi la foni losweka pakona.
Mwamuna wanga Dionisio amadzutsa makina osokera akufa,
ine ndimawajambula, n'kuika mtengo, n'kudikira.

Woyamba kutipusitsa anali waulemu.
Ankati "amayi" pa uthenga uliwonse.
Anatumiza chithunzi cha lisiti, mapeso zikwi zinayi,
manambala onse ali m'malo mwake,
wanjinga yamoto anabwera, ananyamula, ulendo.
Ndinatsegula foni kuti ndiwerenge ndalama.
Munalibe. Ndinazimitsa, n'kuyatsanso. Munalibe.
Dionisio sanandikalipire.
Anangosamba m'manja nthawi yaitali, girizi atachoka kalekale.

Wachiwiri sanabe makina. Anaba chithunzi.
Ndinazidziwa Lachinayi lina
mayi wina ataima pakhomo, ambulera yopinda mvula ikugwa,
milomo ili njenjenje: Perlita ndinu?
Anandilozetsa foni yake kumaso.
Makina athu akuda aja,
nsalu yanga ya patebulo ya maluwa achikasu,
ngakhale chala cha phazi langa m'munsi mwa chithunzi,
koma nambala yolipirira ya munthu wina.
Anatipeza ndi chikwangwani cha sitolo ya mankhwala
chooneka pawindo kumbuyo kwa makinawo.
Ndalama ya fizi ya mwana ndi imene inapita.
Anayenda maola atatu kuchokera ku Bulacan kudzanditukwana.

Ndinamusiya atukwane mpaka mawu anamuthera.
Kenako ndinamuthirira khofi.
Dzina lake Consolacion.
Tinakhala duu, akazi awiri oberedwa,
wina ndalama, wina nkhope.

Sindikanabweza zomwe sindinatenge.
Koma pakona panali makina ena, osapenta, olira popalasa.
Ndinati tengani, muzilipira mukasoka.
Dionisio anandiyang'ana ngati mutu wanga wabalalika.
Kapena unabalalikadi.
Munthu wolumidwa dzulo
n'kupisanso dzanja kuuna womwewo?

Kuyambira pamenepo sindijambula makina okha.
Pa chithunzi chilichonse pali dzanja langa,
ili la chipsera cha simbi pachala chachikulu,
litagwira kapepala ka deti la lero ndi dzina la wofunsa.
Wokayika ndimamuimbira tikuonana,
Dionisio n'kusoka chilembo choyamba cha dzina lake pachigamba
iye akupenya ulusi ukuyenda.
Lisiti sindiikhulupiriranso, ngakhale ikongole bwanji.
Ndimadikira foni yanga ilire yokha.
Ena amakwiya, amati mukutiyesa akuba?
Ndimati ayi, inenso mundiyese,
bwerani pasiteshoni ya sitima masana, anthu ali piringupiringu,
mudzapalase nokha musanatulutse khobidi.
Ena sabwera. Ndimadziwa chifukwa, kapena sindidziwa.

Pa 15 mwezi uliwonse foni inkalira:
mapeso mazana atatu, Bulacan.
Anthu akumeneko anayamba kundifunafuna,
ati watituma ndi mayi wosoka mayunifomu,
ati dzanja la chipsera silinama.
Dzina limene mbala inandidetsera
ankalichapa ndi munthu amene anabwera kudzalitukwana.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri, pa 15, zii.
Pa 16, zii.
Dionisio sananene kuti ndinakuuza,
koma ndinamumva akusambanso m'manja.
Pa 17 ndinalemba uthenga waukali, n'kuufufuta.
Ndinalembanso wofatsa, n'kuufufutanso.
Usiku ndinagona foni ili pachifuwa
ngati mwana wodwala.

Pa 19 mbandakucha inalira.
Mapeso mazana awiri okha,
ndi chithunzi: bedi la m'chipatala, kaphazi ka mwana,
ndi dzanja lolasidwalasidwa ndi singano
litagwira kapepala kong'amba m'kope,
pamwamba deti la tsikulo,
m'munsi dzina langa.